Tsiku Limene Ndinalephera Kupempherera Injini

Azimayi anzanga a kutchalitchi kuno ku Kalingalinga akandifunsa kuti nyanja yaikulu imaoneka bwanji, ndimachita manyazi kuyankha. Zaka zitatu ndinagwira ntchito m'sitima ya pamadzi yonyamula anthu okasangalala, koma nyanjayo ndinkaiona mwa apo ndi apo. Ife ochapa tinkakhala kunsi kwenikweni, kumene kulibe ndi zenera lomwe. Pamwamba pathu panali alendo, akudya, akuvina, akusambira m'madamu omangidwa m'sitima momwemo. Pansi pathu panali injini. Choncho ine sitimayo ndinaidziwira kumapazi.

Kuchapa ndinayamba kale. Sukulu ndinalekera Giredi 7 kwathu ku Katete, ndipo nditabwera ku Lusaka ndi amuna anga ndinalowa ntchito m'mayadi, kenako pa loji ina yogona alendo ku Kabulonga, komwe ndinkapita wapansi m'mawa uliwonse. Ndinachapa ndi kusita pamenepo mpaka mwana wanga Tamala anakula. Ndiye zinthu zinayamba kuthina. Magetsi ankapita kusanache n'kubwera anthu atatopa kudikira. Amuna anga ndi owotcherera zitsulo, ndipo mageti ndi mafelemu a mawindo anangotsamira kukhoma osatha, eni ake akubwera kudzakalipa, amuna angawo atakhala pabenchi kuyang'ana babu ngati mlimi woyang'ana mitambo. Unga wa nsima unkakwera mtengo sabata ndi sabata. Alendo pa loji anachepa, kenako eni ake anaitseka.

Mayi amene ankatiyang'anira pa lojipo ndiye anandiitanira pambali n'kundiuza kuti kuli anthu akulemba ochapa oti akagwire m'sitima ku Durban. Ine ndinaseka. Ndinati ndine wa Giredi 7, madzi aakulu amene ndinawaonapo ndi a mtsinje wa Luangwa, ndipo ndinawaonera pawindo la basi. Iwo anati, "Amake Tamala, mashiti safunsa satifiketi. Chizungu cha mumayadi muli nacho. Yesani chabe." Ndinasala kudya masiku atatu, ndinapita, ndipo Mulungu anatsegula khomo.

Tsiku lonyamuka amuna anga anandinyamulira chikwama mpaka pamsewu, n'kuchigwirabe minibasi itaima kale, mpaka kondakitala anawafunsa ngati nawonso akukwera. Tamala anandiperekeza mpaka kubwalo la ndege. Anali atavala chitenge changa chakale, ndipo ananena kuti achisunga kuti azimva fungo langa. Ndinamudzudzula kuti ndiwe wamkulu, koma m'ndege ndinalira mpaka mtsikana wopereka zakudya anandipatsa madzi kawiri.

M'sitima anandiika m'kachipinda kamodzi ndi Bana Chanda, mayi wa ku Matero mu Lusaka momwemuno, Mbemba, wa ana anayi amene mwamuna anamuthawira ku Solwezi. Bedi linali losanjikiza, iye pamwamba ine pansi, ndipo ukatambasula manja unkagwira makoma onse awiri. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kunsapato n'kunena kuti, "Ba ku Chipata, apa palibe mbeba, mwamvela? Muzadya chabe vamene tidya." Ku Lusaka ife a kum'mawa amatitcha tonse a ku Chipata odya mbewa, nafe timaseka Abemba kuti amadya anyani. Ine ndinati nanga anyani a kwanu mwawasunga kuti. Anaseka mpaka anakhala pansi. Chibale chathu chinayambira pomwepo.

Ntchito inali yambiri kuposa ya loji khumi. Mashiti a pabedi ankatsika m'zingolo ngati mapiri, mataulo, nsalu za patebulo, mayunifolomu a ophika ndi operekera zakudya. Makina ochapira anali aakulu moti munthu akhoza kulowamo n'kukhala pansi. Kunkatentha, thukuta linkatsika mpaka m'masokosi. Kapitawo wathu anali bambo wa ku Filipinzi, wamfupi, wosakonda nkhani, amene ankayeza kupinda kwa taulo ndi chala. Koma chakudya chinalipo, malipiro ankabwera pa nthawi yake, ndipo kunyumba anasiya kugona ndi njala. Sindinaleke kuthokoza.

Mantha anandilowa m'chaka choyamba. Tsiku lina tikupinda mataulo, Bana Chanda anaima n'kuvula nsapato imodzi, n'kuponda pansi ndi sokosi.

"Mwamvela?"

"Chiyani?"

"Pansi apa. Yachinja nyimbo."

Nanenso ndinamva. Kunjenjemera kosalala kumene tinakuzolowera kunali ndi kachitsokomolo mkati. Patapita masiku awiri sitima inaima padoko osanyamukanso. Maulendo awiri anawaletsa. Alendo anabwezedwa, ndipo popanda alendo palibe mashiti. Kapitawo anamata pepala pachitseko, la maina a anthu obwerera kwawo nthawi yawo isanakwane. Ine ndi Bana Chanda tinapulumuka, koma mtsikana wina wa ku Zimbabwe amene ankasita pafupi ndi ine anawerenga dzina lake, n'kukhala pansi pakati pa zingolo, n'kufunda shiti kumutu. Sanamuitanenso.

Kuyambira pamenepo tinaphunzira kuwerenga thanzi la sitima. Akuluakulu sauza wochapa chilichonse, koma ife ndi amene tinkachapa maovolosi a amisiri a injini. Zinthu zikakhala bwino ankabwera ochepa, akuda m'mawondo mokha. Kunsi kukavuta ankabwera thumba lathunthu, onona mafuta mpaka kumsana, kusonyeza kuti anthu agona chagada pansi pa zitsulo. Thumba limenelo likafika, aliyense ankasiya chimene akuchita n'kubwera kudzasuzumira, ngati achibale ofunsa namwino.

Ndine ndinayambitsa mapemphero. Lamulungu masana tinkapuma pang'ono, ndiye tinkasonkhana m'chipinda chositira, azimayi asanu ndi mmodzi: ine, Bana Chanda, awiri a ku Zimbabwe, mmodzi wa ku Madagasika ndi mmodzi wa ku Kenya. Aliyense ankaimba m'chilankhulo chake. Pomaliza ndinkagwada, n'kuika dzanja pansi pachitsulo chofundacho, n'kupempherera injini monga mmene timapempherera wodwala. Ndinkati, "Atate, inu amene munapatsa anthu nzeru zosula chitsulo, gwirani injini iyi. Ana a azimayi awa akudyera pa iyo." Bana Chanda anandipatsa dzina loti ba Pasita ba Injini, ndipo linafika mpaka kwa amisiri. Mmodzi wa iwo, mkulu wa ndevu zoyera, akakumana nane pamakwerero ankaloza pansi n'kupinda manja ngati wopemphera, ine n'kugwedeza mutu.

Kontirakiti ikatha tinkapita kunyumba miyezi ingapo, n'kudikira kuitanidwanso. Pa tchuthi chachiwiri ndinakwatitsa Tamala kwa mnyamata wina kalipentala wa momwe muno mu Kalingalinga, wofatsa, wa tchalitchi chathu. Ndinabwerera kusitima mtima uli m'malo.

Ulendo wachitatuwo unayenda bwino. Nthawi yanga itatsala pang'ono kutha, kapitawo anandifunsa ngati ndingawonjezere miyezi iwiri, poti wolowa m'malo mwanga anali asanapezeke. Ndinasaina tsiku lomwelo, ndikuthokoza Mulungu. Tamala ndinkalankhula naye pafoni ya zithunzi tikafika padoko. Ankaonetsa nkhope yokha, foni ataiyandikiza kwambiri, ndipo masaya anali atadzadza. Ndinkamuseka kuti ukwati wakuyanja, iye n'kuyang'ana kumbali.

Patatha sabata nditasaina, anandiimbira alamu anga ba Roda, mlongo wa amuna anga, amene amakhala ku Mtendere.

"Mulamu, muli mweka?"

Ndinatuluka m'chipinda chodyera n'kukaima pakona. Ndinati ndili ndekha.

"Mwana wathu adwala. Koma ni kudwala kwabwino."

Ndinafunsa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji.

"Mwezi umodzi, kapena na masabata yabili pamwamba."

"Mwezi umodzi! Alamu, nanga nthawi yonseyi munali kuti?"

"Musanikalipile. Mwana anachita bwino, anabwela kwa ine monga mwamene tichitila, sembe anakuuzani bwanji yeka, na pa foni? Ine ndine ninachedwa. Ninaona kuti nikakamba muzasiya nchito, ndipo nyumba yonse iyangana imwe."

Sindinathe kuwakwiyira. Kwathu mwana wamkazi sauza mayi ake pamaso kuti waima. Amauza azakhali, azakhaliwo ndiye amabweretsa nkhani. Ndipo mwana woyamba amakabadwira m'manja mwa mayi a mtsikanayo. Tamala alibe mkulu wake, alibe mng'ono wake. Mayi ake ndine, ndipo ndinali nditangodzimangirira ndekha miyezi iwiri pamadzi.

Wina anganene kuti bwanji sunapite kwa kapitawo. Munthu wosiya kontirakiti popanda chifukwa samulembanso, ndiye ndikanayenera kunena chifukwacho. Apo ndi pamene panali povuta. Ndisanabereke Tamala ndinali ndi pakati pena, poyamba. Ndinali mwana, ndinakondwa, ndinauza aliyense, pachitsime, pamsika, ngakhale ogulitsa makala. Mwanayo anabadwa osalira. Azimayi aakulu a ku Katete sanandikalipire, koma mmodzi anandinong'oneza kuti, "Ukadzaimanso, pakamwa uzitseka." Ndine mkhristu, ndikudziwa kuti moyo uli m'manja mwa Mulungu osati m'makutu a anthu. Koma chimene unachiphunzira ukulira sichichoka ndi ulaliki umodzi. Nditaimanso, pakati pamene panabadwa Tamala, sindinauze munthu mpaka chitenge chinanena chokha. Tsopano pakati pa mwana wanga ndikanapatchula bwanji, kwa mwamuna, mlendo, m'ofesi? Ngakhale Bana Chanda sindinamuuze.

Chimene ndinachita ndi manja. Mataulo akatha m'mphepete ankawachotsa kuti akhale zopukutira makina, ndipo ankatilola kutengako. Ndinasankha ofewa, ndinawadula mofanana, ndipo pa nthawi yopuma ndinkakhala pabedi langa n'kumawapinda m'mbali ndi singano. Ndikamva mapazi ndinkawabisa kunsi kwa matiresi.

Ndiye thumba lija linafika. Maovolosi khumi ndi angapo, akuda bii, ena atang'ambika m'zigongono. Tsiku lotsatira linabweranso lina. Pansi panayamba kugunda mosiyana, moti madzi m'ndowa ankachita timizere. Mkulu wa ndevu zoyera uja ndinakumana naye pamakwerero, maso ali ofiira. Anapinda manja monga mwa nthawi zonse, koma sanamwetulire.

Lamulungu limenelo azimayi anabwera msanga. Wa ku Kenya uja anali atalira kale. Tinaimba, kenako ndinagwada n'kuika dzanja pansi. Onse anatseka maso kudikira. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Pakuti mumtima mwanga munali pemphero lina, ndipo ndinalimva bwinobwino: injini iyi ife, ife ndithu, atitumize kwathu. Ndinali nditagwada pakati pa azimayi asanu amene ana awo amadyera pa chitsulo chimenecho, ine ndikuchifunira imfa. Kunama pamaso pa Mulungu sindikanatha. Kunena zoona pamaso pa anzanga sindikanathanso. Wina anatsokomola. Pomaliza ndinangoti, "Atate, inu mukudziwa." Iwo anadikira kuti ndipitirize. Ndinati ameni.

Potuluka Bana Chanda anandiyang'ana nthawi yaitali.

Injini inafa Lachitatu, tikuchokera ku zilumba za ku Mozambiki. Tikuika mashiti m'makina, kunjenjemera kuja kunangoleka. Zaka zitatu m'sitimamo mapazi anga anali asanapondepo pansi pachete chotero. Kenako inadzukanso mofooka, mbali imodzi yokha, ndipo tinakwawa masiku awiri ulendo wa tsiku limodzi. Pofika ku Durban timaboti tiwiri tinachita kutikoka. Anatituma kukatenga mashiti m'zipinda za pamwamba, ndipo pawindo ndinaona anthu amene anabwera kudzakwera ulendo wotsatira. Anali atakhala pa masutikesi awo, ena atavala kale zipewa za dzuwa. Panali gogo wina wa ndodo, amene mwamuna wake ankamupukuta misozi ndi mpango. Sindikudziwa kuti anasunga zaka zingati kuti akwere sitimayo. Ndinachoka pawindopo ndikumva ngati ndine ndalowa kunsi ndi nyundo.

Anatiuza kuti kukonza kutenga masabata ambiri, chifukwa chitsulo chofunika chinali choti chichokere kutsidya kwa nyanja. Maulendo onse a mwezi umenewo ndi wotsatira anawaletsa. Theka la ochapa libwerera kwawo, theka litsala kuchapa makatani onse a m'sitima ndi zophimba matiresi. M'mawa mwake pepala linali pachitseko. Ndinayang'ana kumbali ya opita, ndikutsika ndi chala. Dzina la Bana Chanda linalipo. Langa panalibe. Linali pamwamba penipeni pa otsala, chifukwa kapitawo ankati makatani palibe amawasita ngati ine.

Tinalowa m'kachipinda kathu. Iye anakwera pabedi lake n'kutembenukira kukhoma. Ine ndinakhala pa langa. Ndinamva akusisima, nanenso ndinayamba, ndipo kulira kwanga kunaposa kwake. Bedi la pamwamba linalira, mutu wake unasuzumira.

"Manje imwe mulila chani? Mwasala. Kapena mulilila ine? Musaninamize, simunikonda so."

Anatsika, anandikankhira kumbali, anatukula matiresi n'kusolola mataulo aja. Anatambasula limodzi m'mwamba.

"Muganiza ndine mpofu, siniona? Nabala bana folo, ine. Aya ni matebela." Anatsitsa mawu. "Ni Tamala?"

Ndinagwedeza mutu.

"Pafupi?"

Ndinagwedezanso.

Anakhala pansi pafupi nane, thewera lili pamiyendo. Kenako anandimenya nalo paphewa. "So ndimwe munapaya injini! Imwe bene ba Pasita!"

Ndinamugwira mkono n'kuyamba kupepesa. Ndinamuuza zimene zinali mumtima mwanga Lamulungu lija, kuti ana ake ndinawaiwala, kuti andikhululukire. Iye anayamba kuseka, misozi ikutsikabe.

"Awe mwandi, muzimvela maningi. Muganiza Mulungu angaononge sitima yonse iyi chifukwa cha muzimai umodzi wa mu Kalingalinga? Ni visulo vakale, vinalema. Pukutani kumenso. Imwe mufuna kuyenda, ine nifuna kusala. Nanga tilila chani monga vipuba vopanda nzelu? Tiyeni kuli bakapitao."

Kapitawo tinamupeza m'kaofesi kake, pakati pa mabokosi a sopo. Bana Chanda ndiye anayamba, ndi chizungu chake chothamanga, kuti tikufuna kusinthana. Iye anapukusa mutu. Anati maina apita kale kwa akuluakulu, ndipo sangakawauze kuti asinthe chifukwa azimayi awiri agwirizana. Pafunika chifukwa. Anandiyang'ana ine n'kufunsa kuti, iwe amene unasaina miyezi iwiri ukumwetulira, lero chavuta n'chiyani?

Ndinayang'ana Bana Chanda kuti anene ndiye. Iye anayang'ana kudenga. Anandiuza m'chinyanja, motsitsa, "Ni mwana wanu. Pakamwa panga siizachokela, na ise kwathu sitikamba va mwana wa bene. Kambani mweka."

Ndinaona nkhope ya mayi uja wa ku Katete akundinong'oneza. Ndinaonanso Tamala atagona pabedi la kiliniki, akuyang'ana kuchitseko. Kapitawo anayamba kutolera mapepala ake, kusonyeza kuti nkhani yatha. Mumtima ndinati, Yesu, phimbani mawu awa ndi dzanja lanu. Ndipo ndinanena, ndi chizungu changa cha m'mayadi, kuti mwana wanga ali pafupi kubereka, ndi mwana wake woyamba, ndipo alibe mayi wina.

Bambo uja anaika mapepala pansi. Anatulutsa foni m'thumba, anafufuza, n'kunditembenuzira. Panali khanda lokutidwa m'nsalu yachikasu. Anati ndi mdzukulu wake, tsopano akukwawa, ndipo iye sanamunyamulepo. Kenako anandifunsa kuti, "Mama, bwanji sunanene kale?" Anatenga cholembera, anakhwatcha dzina langa, analemba la Bana Chanda, n'kumuuza kuti khatani limodzi likapsa adzamutumiza kwawo wosambira. Bana Chanda anati makatani a sitima ndi masewera, iye anasitapo diresi la ukwati ndi simbi ya makala.

Koma mapepala a ofesi sathamanga monga mtima wa mayi. Anatenga masiku asanu. Masiku amenewo ndinali ndi mantha amene sindinawauze ngakhale mnzangayo, poti mawu aja ndinali nditawatulutsa. Foni ikalira mtima unkagwa. Ndinkaphunzitsa Bana Chanda kusita makatani, pakamwa ndikuimba nyimbo imodzimodzi osaidziwa.

M'mawa wa tsiku lachinayi, ndikutulutsa zophimba matiresi m'makina, uthenga wa ba Roda unalowa. Unali waufupi. "Wachila. Mwana mukazi. Bonse bali bwino." Ndinagwada pomwepo pansi ponyowa. Ndinathokoza Mulungu ndi mawu onse amene ndinali nawo, kuti mwana walira, kuti mayi ake ali moyo, kuti chimene ndinachiopa zaka zonsezo sichinachitike. Azimayi anandizungulira akululutira mpaka kapitawo anatuluka kudzaona. Koma nditadzuka, chinthu china chinandibaya pansi pa mtima. Ndinali nditachedwa. Nthawi imene mwana wanga anandifuna kwambiri, ndinali ndikuchapa zogonera za anthu osawadziwa.

Bana Chanda anandinyamulira chikwama mpaka pageti la doko. Anati ndikapsompsone kamwanako m'malo mwake, ndipo ndikafika ku Matero ndikauze ana ake kuti mayi awo akwezedwa, tsopano ndi bwana wa makatani. Anatsala mpaka sitima inachira, ndipo anagwiranso zaka zina pambuyo pake. Ine sindinabwererenso, koma imeneyo ndi nkhani ya ine ndi amuna anga.

Ndinafika ku Kalingalinga masana, mwana ali ndi masiku awiri. Amuna anga ndinawapeza panja akukhoma mbaula ndi nyundo, poti anali atasiya kudikira magetsi n'kuyamba ntchito yosafuna waya. Anali ataonda, ndipo anandipatsa moni ndi manja awiri ngati ndine mlendo wa kutchalitchi. M'nyumba zinthu zinali zitasuntha. Kabati inali kwina, mapoto anga anali pamalo ena. Tamala anali atabwera kudzachirira kwathu monga mwa mwambo, koma woyendetsa nyumba anali ba Roda. Anandikhazika pampando wabwino uja wa alendo. Anandibweretsera madzi akumwa pambale. Kenako anatulutsa mwana, n'kundiika m'manja, n'kundiuza kuti, "Mugwilile mutu, mulamu." Ine, wondiuza kugwira mutu wa khanda.

Kamwanako kanali kokongola, ka tsitsi lambiri, kakugona. Ndinakapempherera. Ndinalowa kuchipinda kumene kunali Tamala. Anali atagona cham'mbali, nkhope yotuwa, ndipo anandipatsa moni wa ulemu, wa mawu ochepa. Podzuka kupita kuseri ankayenda atawerama, akugwira khoma. Ndikafuna kumuthandiza, ba Roda anali atafika kale. Amadziwa pamene pali sopo, pamene pali mankhwala, nthawi imene mwana amayamwa. Ndinawathokoza, ndipo ndinathokoza moona, chifukwa anachita zonse zimene ndikanachita. Koma ndinabwerera pampando wanga uja ndikudziuza kuti malo ako anatsekedwa, ndiwe unasankha madzi.

M'mawa mwake ndinadzuka n'kusowa chochita. Ndinatenga tsache, ndinapeza pabwalo posesa kale. Ndinakhala pakhonde. Ba Roda anali atateleka poto wamkulu pambaula. Madzi atawira anawathira m'beseni, anasakaniza ndi ozizira pang'ono, anayesa ndi chigongono. Ndinadziwa kuti ndi a chiyani. Mayi akachira timamuthowa: timaviika nsalu m'madzi otentha n'kumamusindikiza nayo pamimba, m'chiuno ndi kumsana, m'mawa ndi madzulo, kuti thupi libwerere. Zimawawa, ndipo zimayenera kuyamba tsiku lomwe watuluka kuchipatala. Ndinayang'ana kumbali kuti ndisaone akulowa nalo.

Beseni linatera pamapazi anga. Pamwamba anaponyapo nsalu.

"Mulamu, mwana wanu ni wouma mutu, sinidziba anatengela ndani. Masiku yabili nateleka manzi, masiku yabili nataya. Namukalipila, namunyengelela, nabwelesa na bamai busa. Akuti iyayi. Vonse vinangu chitani ba anti, koma ivi niyembekeza amai. Onani mwamene ayendela monga nkhalamba. Tengani, yazazizila."

Ndinanyamula beseni. Ndinakankha chitseko ndi phazi. Tamala anali atakhala kale pamphasa, atamasula chitenge, akuyang'ana pansi.

"Mwachedwa, amai."

"Ndachedwa, mwana wanga."

"Ninamiitana maningi kuja. Ba nesi banachita kuniuza kuti amako sibazamvela, kankha chabe."

Ndinagwada kumbuyo kwake. Ndinaviika nsalu, ndinafinya, nthunzi ikukwera.

"Musanioche, ka."

"Ndikuotcha pang'ono. Gwira bondo langa."

Nditamusindikiza m'chiuno anakuwa kuti "Mayo!" n'kundikumba bondo ndi zikhadabo. Kenako thupi lonse linamasuka, anatsamira pachifuwa panga ndi kulemera kwake konse, ndipo analira ngati mmene ankalirira ali wamng'ono akagwa panjira, pakamwa pali yasa, osachita manyazi. Ndinamusiya alire. Kunja ndinamva ba Roda akuuza mchimwene wawo kuti, "Mwamvela? Kuchipatala sanagwese musozi olo umodzi. Enze anasungila amake."

Ndinamupukuta kumaso ndi m'mphepete mwa chitenge changa, ndipo ndinaviikanso nsalu madzi asanazizire.